Chiwongolero Chimene Ndinawasankhira Alamu Anga

Sekani, sekani ndithu, mano ndi anu. Inu a Mabvuto amene mukugwedeza mutu pamenepo, ndi inu anyamata mwakhalira matayala a eni akewo, maso ali pa foni, mukuipendeketsa uku ndi uku ngati mukupeta mpunga n'kumati mukuyendetsa galimoto, sekani mumalize. Chifukwa ndikayamba kuyankhula ine Zakeyu, munthu amene ndinapita ndi lole ku Beira ndi ku Dar es Salaam misewu ina isanalawe tala, sindifuna wina azitsokomola mwachipongwe. Wokayika aimirire pompano azipita, msewu wa Kawale sunatsekedwe. Wotsala akhale chete. Zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso angawa asanachite ng'ala, ndipo ndikanama ndisadzaone kumwamba.

Zinachitika m'zaka za m'ma 2000, mafoni akadali a anthu ovala mataye okhaokha. Alamu anga a Eneya, amuna ake a mlongo wanga Esinati, ankakhala ku Biwi m'nyumba ya lendi kuseri kwa chigayo. Kwawo kunali ku Ntcheu, kupitirira Mlangeni, ndipo moyo wawo wonse anayendetsa minibasi ya eni ake pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu. Dalaivala ameneyo! Padziko lino madalaivala tinalipo awiri, woyamba ine, wachiwiri iwo, ena onsewa amangogwirizira chiwongolero kuti chisagwe. A Eneya ankaika kapu ya tiyi pa dashibodi ponyamuka pa depoti, n'kukaimwa pa Ntcheu ikadali yotentha, osatayikapo ngakhale dontho.

Kenako anadwala. Matenda aja a nthawi imeneyo, amene sitinkawatchula dzina, tinkangoti akudwaladwala. Anapita kuchipatala, anabwerako, anapitanso, mpaka tsiku lina madokotala anauza mlongo wanga kuti kawasamalireni kunyumba, ndipo aliyense amene anali m'tauni muno zaka zimenezo akudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Mwini minibasi anatuma munthu kudzatenga makiyi. Anzawo a pa depoti anabwera kamodzi ndi nthochi, osaonekanso. Munthu amene ankadzaza mpando wa dalaivala anatsala mafupa oti ukhoza kuwanyamula ndi mkono umodzi. Koma chimene chinkandilasa ine mtima si mafupawo ayi, anali manja. Ndikapita kukawaona ndinkawapeza atagona chagada, maso ali kudenga, manja ali m'mwamba akuzunguza chinthu chosaoneka, lamanzere likutsika pang'onopang'ono kukasintha giya m'mphepete mwa bedi.

"Alamu," anatero tsiku lina, mawu ngati akuchokera m'botolo, "ndikufuna ndipite kwathu. Koma osati chogona kumbuyo kwa lole ngati thumba la chimanga. Ndiyendetse ndekha."

Esinati anatuluka kukalirira kuseri kwa bafa. A Eneyawo sakanatha kufika ngakhale pa chigayo.

Ine ndinakumbukira Dikisoni, bambo wina wa kwathu ku Dedza, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi katundu wakale wa azungu n'kutsegula kontena ya magemu pafupi ndi msika wa Chilinde. Ndinali nditamva kuti ali ndi gemu ya mpikisano wa magalimoto imene umayendetsa ndi chiwongolero. Chiwongolerocho amachimanga patebulo, nthambo yake imalowa m'makina a gemu, makinawo amalumikizidwa ku tivi, ndiye ukachikhotetsa, galimoto ya mu tivimo imakhota. Ndinapita wapansi, dzuwa la Okutobala likuswa mutu, n'kumufotokozera zonse. Anakanda ndevu.

"Madala," anatero, "tivi ndi makina ndikubwerekani. Ziwongolero ndili nazo zitatu, koma mutenge chimodzi, zinazo ana anga adyerepo. Sankhani nokha, ine sindinayendetsepo kanthu koposa wilibala."

Ndiye tamverani mmene dalaivala amasankhira.

Choyamba chinali chabuluu, chapulasitiki, chaching'ono ngati chivindikiro cha poto, chopepuka ngati chikho chouma, chopanda chopondera chilichonse, moto ndi mabuleki unkachita kudina ndi zala ngati ukupha nsikidzi. Dikisoni anati chimenechi n'chimene anthu amachikonda chifukwa sichitopetsa. Ndinakhala pa benchi, ndinachigwira, ndipo ndisanachite kanthu, kungopuma kokha, galimoto ya mu tivimo inazungulira pamalo amodzi ngati nguli, inazungulira mpaka matayala anakumba chitsime pakati pa msewu madzi n'kutumphuka, tianthu ta mu tivimo toonerera m'mbali tinachita chizungulire n'kuyamba kusanza, tivi yeniyeniyo inatembenuka patebulo n'kuyang'ana kukhoma chifukwa cha manyazi, ndipo nditayetsemula ndi fumbi la m'kontenamo chiwongolerocho chinazuka patebulo, chinatulukira pakhomo chikuuluka, chinadutsa pamwamba pa msika nkhuku zonse zikubisala kuyesa mphamba, ndipo anakachitola ku Area 23 chitakola pa mtanda wa tchalitchi. Mukumva? Pa mtanda! Anachita kubwereka makwerero.

Ndinati ayi. Chiwongolero chimene chimangokhota kachidutswa n'kubwerera chokha pakati, chosadziwa kuti galimoto imalemera, n'choseweretsa ana. Ndikanapita nacho kwa a Eneya akanachigwira kamodzi, akanandiyang'ana, n'kutembenukira kukhoma, ndipo akanamwalira akudziwa kuti mlamu wawo anawayesa khanda.

Chachiwiri chinali chofiira, chonyezimira, cha timagetsi tophethiraphethira ngati mtengo wa Khirisimasi wa m'masitolo a m'tauni. Chinali ndi zopondera ziwiri pansi, cha moto ndi cha mabuleki, kilatchi panalibe, ndipo giya unkasintha pokoka timakutu tiwiri ta kuseri kwake. Dikisoni anachipukuta ndi malaya ake monyadira. "Ichi chimanjenjemera, madala. Mukagunda kanthu mumamva m'manja." Ndinaponda moto. Abale anga! Tayala litangokhudza udzu wa m'mbali mwa msewu chinthucho chinayamba kunjenjemera, dzino langa la kumapeto limene linandisautsa kuyambira ku Beira linazuka lokha n'kugwera m'thumba la malaya, mabatani onse a malayawo anathothoka, kontena yonse inayamba kuyenda ngati kamba ife tili momwemo, inaoloka msewu, inalowa mumsika, milu ya tomato inagumuka, mkaka wa mayi wina unasanduka chambiko m'botolo ali nalo m'manja, telala wa pakona anapeza makina ake asoka okha madiresi a ukwati wonse iye atapita kokataya madzi, ndipo tinakaima titagunda mtengo wa bulugamu kufupi ndi Kawale kuno, Dikisoni akulira kuti makasitomala ake akamupeza kuti. Tinachita kuibweza kontenayo ndi gemu yomweyo, poyendetsa chobwerera m'mbuyo.

Inu a Mabvuto, kamwa limenelo tsekani, mulowa ntchentche.

Komatu ngakhale mano otsalawo ankagundana, mutu wanga unali pantchito. Ndinaona kuti kunjenjemera kwake n'kwabodza. Ukaponda pepala chinjenjemera, ukagwera m'dzenje chinjenjemera chimodzimodzi, ukagunda khoma chimodzimodzinso. Sichikuuza kanthu za msewu, chimangochita mantha. Ndipo ndinaganiza za manja a alamu anga, owonda ngati mapesi. Chikanawathyola zala asanatuluke n'komwe pa Biwi.

"Nanga chachitatu?" ndinafunsa.

"Icho n'chokalamba, madala. Anthu amadandaula kuti chimapweteka mapewa."

Chinali pansi pa tebulo, makatoni atachitsikira pamwamba. Chakuda, chachikulu ngati cha galimoto yeniyeni, chokutidwa ndi chikopa chosupuka pamene pamagwira manja, ndi mng'alu umene wina anaumanga ndi labala. Zopondera zitatu zachitsulo, kilatchi ilipo, ndi ndodo ya giya yakeyake pambali. Kuchikweza patebulo tinachita kugwirizana awiri. Chinkazungulira kawiri n'kupitirira, monga cha minibasi, ndipo m'mimba mwake munali kainjini kamagetsi kamene kankachilimbitsa kapena kuchifewetsa malinga ndi msewu.

Ndinachigwira. Ndinaponda kilatchi, ndinaika giya yoyamba, ndinanyamuka, ndipo chiwongolerocho chinayamba kundiyankhula m'manja: apa pali mchenga, apa tala wanyowa, apa tayala lakumbuyo likufuna kuthawa, libweze. Pokhota chinkalimbana nane ngati ng'ombe yokana goli, ndikachigonjetsa n'kufewa. Magalimoto a mpikisano anali ambirimbiri, oyendetsa ake azungu ovala zipewa zolimba, ndinawadutsa onse pa kona yoyamba, ndinazungulira n'kuwapezanso kumbuyo n'kuwadutsa kachiwiri, kachitatu ndinatsitsa galasi n'kuwafunsa za kunyumba, mpaka mmodzi anaimika galimoto yake, anatuluka, anavula chipewa n'kugwada m'mbali mwa msewu. Utsi wa matayala unayamba kutuluka kuseri kwa tivi, fungo la labala linadzaza Chilinde yense agalu n'kuyamba kutsokomola, timiyala tinkathovoka pagalasi la tivi, kamodzi kanamenya Dikisoni pamphumi ndipo chipseracho anapita nacho kumanda, Mulungu ause mzimu wake. Petulo anatha mu gemumo ine n'kupitirizabe ndi mkwiyo wokha, ndinathamanga mpaka ndinafika pamene opanga gemuyo anali asanamalize kumanga msewu, ndinawapeza ali ndi mafosholo akundipempha kuti ndidikire pang'ono, ndinawaimbira hutala n'kudutsa patchire. Ndipo apolisi apamsewu awiri amene anaima kutali ndi kamakina kawo koyezera liwiro anaona kakufuka utsi m'manja mwawo popanda galimoto yodutsa, anatsata fungo mpaka pa kontena, analowa mwaukali, anapeza nkhalamba itakhala pa benchi thukuta lili kamukamu, anayang'anana, n'kundichitira sawatcha. Mukumva? Sawatcha, onse awiri!

Ndinati, "Dikisoni, ndi ichi. Ichi n'cholemera, koma sichinama."

Tinakweza zonse pa wilibala, tivi, makina, chiwongolero ndi zopondera zake, tinafunditsa chitenje, ndipo ndinakankha ndekha kuchokera ku Chilinde mpaka ku Biwi. Anthu ankandipatukira njira, ena kuvula zipewa, poyesa kuti ndanyamula maliro a mwana. Ine ndinangopitiriza kukankha.

Ndinafika dzuwa litapendeka. M'chipindamo munkanunkha mankhwala ndi thukuta, malata akutentha ngati chiwaya. Tinakokera tebulo pafupi ndi bedi, ndinamanga chiwongolero, ndinalumikiza nthambo monga anandionetsera Dikisoni. Tinawadzutsa a Eneya n'kuwakhazika m'mphepete mwa bedi, Esinati atakhala kumbuyo kwawo kuti amutsamire pachifuwa. Ndinatenga manja awo n'kuwaika pachikopa chosupuka chija. Anachisisita. Anachikhotetsa uku ndi uku kuyesa kulemera kwake. Anagwira ndodo ya giya n'kuigwedeza pang'ono monga amachitira dalaivala aliyense asanalize injini.

"Ichi ndiye chiwongolero," anatero. "Mwasankha, alamu."

Koma miyendo inakana. Anayesa kuponda kilatchi, phazi linangotsetsereka. Ndiye ine Zakeyu, dalaivala woyamba padziko lino, amene sindinagwadirepo bwana aliyense, ndinagwada pansi pa tebulo paja n'kukhala mapazi a alamu anga. Iwo akati kilatchi, ndinkakanikiza ndi dzanja. Akati moto, ndinkawapatsa moto.

Gemu inayamba ndi msewu wa kwa azungu, mapiri oyera mbuu ndi chisanu, nyumba zosongoka. A Eneya anayenda pang'ono n'kunena kuti, "Kuno si kwathu." Anakhotetsa mwamphamvu kumanja, anathyola mpanda, anadutsa pamunda wa munthu, ndipo ndikulumbira pali manda a mayi anga, pa tivi paja panaoneka chigayo cha Biwi, mayi wina akupeta mgaiwa panja, kenako msewu wathu wa maenje, kenako msewu waukulu wa ku Blantyre uli tambalale kutsogolo kwathu, ndipo galimoto ya mpikisano ija inali itasanduka minibasi yoyera ya galasi losweka pakona, yomwe ija anawalanda makiyi.

"Moto, alamu."

Tinadutsa mphambano ya ku Bunda. Pa Nathenje anthu anali m'mbali mwa msewu ndi matumba awo akutiimitsa, a Eneya anangowakwezera dzanja n'kuti, "Lero sitinyamula." Pa Kamphata anazemba njinga yonyamula makala osachotsa phazi, ndikutanthauza dzanja langa, pa moto. Pa Chimbiya fungo la nyama yootcha linalowa m'chipindamo mpaka mphaka wa aneba anabwera kudzalira pakhomo, ndipo munthu amene anali atakana phala kwa nthawi yaitali anameza malovu ine ndikumva. Tikukwera mapiri a Dedza, mwezi wa Okutobala womwewo, nkhungu inayamba kutuluka pagalasi la tivi, inadzaza chipinda, malata anasiya kutentha n'kuyamba kudontha mame, madzi a mumtsuko anazizira mpaka kupweteka mano, Esinati anachita kuwafunditsa bulangete, ndipo iwo anayatsa nyali za galimoto n'kutsitsa giya mofatsa, osagwedeza ngakhale tsitsi la munthu, monga ankachitira kale; pa Lizulu ogulitsa malonda anathamangira pawindo, manja awo anatulukira pa tivi atanyamula mbatatesi ndi anyezi, kabichi mmodzi anagwa n'kugubuduzikira pansi pa bedi, ndipo kabichi ameneyo tinadyera pamaliro, anakwanira anthu onse n'kutsalako. Mukumva? N'kutsalako!

Titapitirira Mlangeni anachepetsa liwiro, anayatsa chizindikiro chokhotera ngakhale kumbuyo kunalibe munthu, n'kulowa msewu wafumbi. Apa chiwongolero chija chinaonetsa chimene ndinachisankhira. Mwala uliwonse, muzu uliwonse, ngalande iliyonse imene mvula inakumba, zonse zinkafika m'manja mwawo, ndipo iwo ankazidziwa pamutu, ankazizemba zisanaoneke. Fumbi lofiira linatera pabulangete. Pa kamtsinje kopanda mlatho madzi anathovokera m'chipinda n'kunyowetsa mawondo anga. Mpweya wawo unali utayamba kuvuta, ndinkaumva pamwamba pa mutu wanga ukukoka ngati macheka, koma manja sanagwedezeke.

Kenako panaoneka nyumba ya malata adzimbiri, mtengo wa mapichesi pabwalo, mbuzi zitagona pakhonde, ndi mayi awo ataima pakhomo dzanja lili pamphumi. A Eneya anaimba hutala kawiri.

"Mabuleki, alamu. Pang'onopang'ono, musadzutse fumbi, amayi ayanika ufa."

Ndinakanikiza pang'onopang'ono. Anachotsa giya. Dzanja lawo lamanzere linatsika likufufuza, linapeza mkono wanga, linaugwira n'kuukokera m'mwamba ngati handibuleki.

"Tafika," anatero. "Tsitsani katundu."

Anatsamiritsa mphumi pachiwongolero monga amachitira dalaivala wotopa akafika. Esinati anawaitana. Anawaitananso. Kenako anayamba kulira, ndipo aneba anamva.

Thupi tinapita nalo pa lole, chogona kumbuyo, koma ine sizinandipweteke, chifukwa ndinkadziwa kuti umenewo ndi katundu chabe wotsatira mwini wake. Titafika kumudzi, akuluakulu a kumeneko anandikokera pambali n'kundiuza kuti madzulo a tsiku lija anamva hutala kawiri, mbuzi zinabalalika, ndipo pabwalo panali mapazi a matayala mpaka pansi pa mtengo wa mapichesi. Ndinawaona ndekha. Tayala lakumbuyo lakumanzere linali lotha, monga linalili pa minibasi ija. Chiwongolerocho ndinakabweza kwa Dikisoni, koma sichinagwirenso ntchito. Anaitana amisiri a mawailesi mpaka a ku Area 36, anachitsegula, sanapeze chovuta. Chinangokana.

Tsopano ndikudziwa kuti ena mwa inu munamva zina. Mlongo wanga Esinati akadali moyo, amakhala ku Area 25 kwa mwana wake, ndipo amauza azimayi a kumpingo nkhani yake. Iye amati magetsi anazima tisanatuluke n'komwe mumsewu wa azungu uja, Biwi yense anali zii mpaka mawa lake, chigayo chomwe chinaima. Amati tivi inali bii, ndipo sizinasinthe kanthu, chifukwa maso a amuna ake anali atasiya kale kuona. Amati kulira kwa injini ndinkachita ine ndi pakamwa, hutala ndi ine, mayina a Nathenje ndi Lizulu ndinkaitana ine pansi pa tebulo ngati kondakitala. Amati kainjini ka m'chiwongolero kanafa pamodzi ndi magetsiwo, ndiye ndinachigwira ine kunsi kwake ndi dzanja limodzi, kuchilimbitsa pa makona, kuchigwedeza pa miyala, uku misozi ikugwera pa zopondera, ndipo amati ndiyo madzi amene ananyowetsa mawondo anga. Kabichi uja amati anagula yekha pamsika.

Ndi mlongo wanga, sindingamutukwane. Koma mkazi ameneyo nkhope yake inali itakwiririka pamsana pa mwamuna wake, akulira. Anaona chiyani? Amene ndinali pa moto ndi mabuleki ndine. Amene mkono wake unakokedwa ndine, ndipo mpaka lero kukazizira umandiwawa pamene anagwirapo. Nenani zimene mukufuna, inu ndi magetsi anuwo. Ine a Eneya ndinayenda nawo, ndikuwadziwa. Dalaivala ameneyo sakanakoka handibuleki asanafike.